Tsitsi m'Mowa, Chitsulo m'Manja

Kwathu kwa Mlonyeni, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Zambia, mlendo safunsidwa dzina msanga. Dzina ndi chinthu choti munthu angathe kutola panjira. Akangokhala pamphasa, madzi akumwa asanafike n'komwe, funso limene amalandira ndi lakuti, "Kodi inu ndinu mwana wa yani?" Akayankha bwino, lina limatsatira pomwepo: "Wa nyumba iti?" Mafunso awiriwa amamveka ngati malonje wamba, koma ndi omwewa amene adang'amba mtundu wa Zwangendaba zidutswazidutswa, ena nakagwera ku Mzimba, ena ku Songea, ife n'kudzagwera kuno kutsinde kwa mapiri a Mchinji. Ndi omwewanso amene adakhetsa mwazi kwa zaka 110 m'dziko lina lozizira limene agogo anga adamwalira asadalimvepo, dziko la Norway.

Anzanga ena pano pasukulu amandiseka akandiona ndanyamula mabuku a mafumu a kumeneko. Amati, "Mngoni iwe, mbiri ya kwanu yakukanika kuti uzifukula maliro a azungu a m'chipale?" Asekeni. Ine chimene chidandikokera kwa anthu amenewa n'chakuti milandu yawo ndidaimvapo kale pabwalo la kwathu, kungoti kumeneko oimba mlandu adavala zikopa za zimbalangondo m'malo mwa za ng'ombe.

Lamulo la ku Norway masiku amenewo lidali losavuta kumva koma loopsa. Mwana wamwamuna aliyense wa mfumu, kaya wa mkazi wa ukwati, kaya wa mdzakazi, kaya wa mtsikana amene mfumu idangomuona usiku umodzi paulendo, adali ndi gawo pa ufumu. Tsono mafumu ake adali oyendayenda panyanja, ndipo kumene ankakocheza sankangosiyako phulusa lokha. Mfumu Magnus Berrføtt idafera kunkhondo ku Ireland mu 1103. Patapita zaka zoposa 20, mwana wake Sigurd ali pampando, kudatulukira munthu wamtali wochokera ku Ireland komweko, atatsagana ndi mai ake, nanena kuti nayenso ndi mwana wa Magnus. Dzina lake adali Harald Gille. Snorri Sturluson, mlembi wa ku Iceland amene adasonkhanitsa mbiri ya mafumuwa cha m'ma 1230 m'buku lotchedwa Heimskringla, akusimba kuti mlendoyo chinenero cha ku Norway chinkamuvuta, lilime linkapunthwa, anthu namamuseka. Umboni adalibe kupatula mawu a mai ake. Motero adamuika pa mwabvi wa kwawoko, umene sudali wakumwa koma wa moto. Adayala pansi makasu a pulawo 9 ofiira psuu, iye nayendapo wopanda nsapato, mabishopu awiri atamgwira manja. Patapita masiku atatu adayang'ana mapazi ake napeza alibe chilonda. Kuyambira tsiku limenelo adali mwana wa mfumu.

Adalumbira kuti sadzafuna mpando Sigurd ndi mwana wake Magnus ali moyo. Sigurd adamwalira mu 1130, ndipo lumbiro lija lidalowa naye m'manda momwemo. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mu 1135 Harald adagwira Magnus wamng'onoyo mumzinda wa Bergen, namkolowola maso, namdula phazi, namfula, kenaka n'kukamtaya kunyumba ya amonke. Chaka chotsatira kudabwera winanso, Sigurd Slembe, naye akuti ndi mwana wa Magnus Berrføtt yemwe uja, naye akuti moto adauyesa kale ku Denmark. Harald atakana kumlandira, Slembe adamupha usiku ali mtulo. Zidapitirira choncho, mwana wa mfumu pambuyo pa mwana wa mfumu, weniweni ndi wongodzitcha, mpaka 1240.

Angoni akale akadamva zimenezi akadapukusa mitu, pakuti iwo adali ndi lamulo lotseka khomo limeneli. Mfumu ibereke ana angati, wolowa ufumu ndi wa nyumba yaikulu basi. Ndipo nyumbayo ikasowa mwana wamwamuna, ankalowetsamo mng'ono wa mkaziyo kuti abereke m'dzina la mkulu wake. Ukalimva lamuloli umati apa palibe pokanganirana. Koma lamulo limangoti nyumba yaikulu. Silinena kuti yaikuluyo ndi iti pamene mwini nyumbazo wagona pansi ndipo sangafunsidwenso.

Zwangendaba adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa lidada usana, ndipo adakafera ku Mapupo, m'dziko la Afipa ku Tanzania wa lero, cha m'ma 1848. Nkhani imene agogo anga ankasimba ndi iyi. Tsiku lina, anthu asadaoloke mtsinjewo, kudabwera mowa kwa mfumu kuchokera kumudzi wa nyumba yaikulu, ndipo m'mowamo mudapezeka tsitsi. Mfumu idati uwu ndi ufiti, nituma nduna kuti ikafafanize mudziwo. Koma ndunayo idapeza mmodzi wa akazi a mfumu, Soseya, ali ndi pakati, ndipo idambisa. Mwana amene adabadwa ndiye Ntuto, amene dziko lidadzamdziwa ndi dzina lakuti Mpezeni. Agogo ankati mkwiyo wa mfumu udapola, mwana adalandiridwa, ndipo pooloka Zambezi adamnyamula pamapewa monga mwini dziko wa mawa. Abale athu a ku Mzimba sanena choncho. Iwo amati ukulu udachoka panyumba imeneyo, nupita kunyumba ya Munene, mai wa M'mbelwa. Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni adalemba mbiri ya Angoni monga imamvekera kumpoto, ndipo buku lake lidatuluka m'Chingerezi mu 1942, J. A. Barnes, amene adakhala pakati pa anthu a Mpezeni, adatulutsa lake mu 1954. Aliyense adatunga pachitsime chimene adali nacho pafupi.

Tsitsi limodzi! Mai aliyense amene adaphikapo mowa amadziwa kuti tsitsi limagwa lokha. Amadziwanso kuti pamitala tsitsi limatha kugwa mothandizidwa. Mwini tsitsilo palibe buku limene limamtchula, komabe tikati tiwerenge amene adaika Angoni pamalo pamene ali lero, iyeyo ndi wofunika kumuwerengera limodzi ndi akuluakulu a nkhondo.

Pamene Zwangendaba ankamwalira ana ake adali asanakhwime, choncho mlandu udagwera m'manja mwa akulu amene adati awasungira mpando. Ntabeni, mbale wa mfumu, adaimira Mpezeni. Mgayi adalimbana naye. Ntabeni atamwalira anthu ake adaloza kumpoto cha ku nyanja ya Victoria. Zulu Gama adatenga ake kupita kum'mawa, ku Songea. M'mbelwa adadzakhazikika kumpoto kwa dziko lino. Mpezeni adatsika kudzera kwa Awemba ndi kwa Ansenga mpaka kufika kumene kuli Chipata lero, nagonjetsa Achewa a m'derali, a kwa Mkanda omwe. Akulu a kwathu amati Mlonyeni woyamba adali mwana wa Mpezeni ameneyu. N'chifukwa chake mpaka pano mwezi wa Febuluwale ukafika anthu a kwathu amaoloka malire kupita ku Mtenguleni kukachita Nc'wala, mwambo umene udazilala nkhondo ya 1898 itatha, nudzadzukanso mu 1980.

Ndikawerenga mbiri ziwirizi pamodzi, chimene chimandigwira mtima ndi ana onyamulidwa. Inge, mwana wa Harald Gille, adalowa kunkhondo mu 1137 ali khanda, nduna ina itamkolekera m'malaya ake uku ikumenya nkhondo ndi dzanja lina. Akuti n'chifukwa chake adakula ndi linunda ndi mwendo wopuwala. Haakon, mwana wobadwa mu 1204 bambo ake atamwalira kale, adathawitsidwa m'nyengo yachisanu ya 1206 ndi amuna awiri amene adamdutsitsa mapiri a chipale atamangirira timatabwa totsetserekera kumapazi. Anthu a ku Norway amakumbukira ulendo umenewu ndi mpikisano umene udayamba mu 1932, ndipo wopikisana aliyense amabereka katundu wolemera makilogalamu atatu ndi theka, kuimira mwanayo. Ife sitithamanga mpikisano, koma Ntuto wathu ali pamapewa pakati pa Zambezi timamuona bwinobwino. Mwana pamapewa amaonekera patali, anthu namuombera m'manja. Miyendo imene ikusankha njira ndi ya womnyamulayo.

Mmodzi wa onyamula otere adali Erling Skakke, nduna yaikulu, imene kumeneko amati jarl. Iye sadali wa magazi achifumu, koma adakwatira Kristin, mwana wa mfumu Sigurd uja. Mu 1161 adaika mwana wawo Magnus pampando ali ndi zaka zisanu, ndipo posakhalitsa arkibishopu adamveka mwanayo chisoti ku Bergen, chinthu chimene chidali chisadachitikepo m'dzikomo. Adani ake adafuula kuti ameneyu si mwana wa mfumu, ufumu wautengera kuchikazi. Nditawasimbira mai anga zimenezi adandifunsa kuti, "Nanga cholakwika n'chiyani pamenepo?" Mai anga ndi Mchewa. Kwa iwo ufumu umayenda ndi bele. Wolowa dzina ndi mwana wa mlongo, pakuti mai wa munthu sakayikitsa, pomwe za bambo timangomva. Bambo anga, Mngoni, akadalavulira pambali. Tsono kwa Mlonyeni malamulo awiriwa amagona pamphasa imodzi. Angoni adabwera ndi nthungo ndi ng'ombe, nakwatira akazi achinsenga ndi achichewa. Ana adayamwa chinenero cha amai awo, Chingoni n'kutsala m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Pamodzi ndi chinenerocho adayamwanso maganizo a amai awo pa za mbumba. Masiku a mtendere palibe amafunsa kuti mudzi uno ukuyendera lamulo liti. Limafunsidwa tsiku la maliro.

M'mudzi mwathu lidafunsidwa chaka chatha, atamwalira bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, amene adali nyakwawa. Ufumu wake ndi waung'ono, wa mabanja owerengeka, dambo limodzi ndi manda. Koma musaupeputse. Nyakwawa ndiye amaloza malire a minda, ndiye amalemba maina chithandizo chikabwera, ndiye amalandira mswahala, ndipo pamaliro salankhula munthu iye asanalankhule. Mwana wamwamuna wa nyumba yaikulu adatsogola kale, nasiya mnyamata amene ali ndi zaka 11. Achingoni adati mpando ndi wa mnyamatayo, ndipo bambo aang'ono adadzipereka kuti amsungira mpaka akule. Achichewa adati ayi, pali mwana wa mlongo wa malemu, munthu wamkulu wa ndevu zake, ndipo adakumbutsa kuti m'mudzi momwemu dzinali lidayendapo kamodzi kuchikazi popanda thambo kugwa. Tili mkati mokokana choncho, mwezi wa sadaka usadakwane, basi idatsitsa munthu wa imvi zapatalipatali atanyamula chikwama ndi envulopu. Adati wachokera ku Harare. Adati bambo aakulu, pamene ankagwira ntchito ku Salisbury ali mnyamata, adakwatira mai ake, ndipo iye ndiye mwana wawo woyamba. M'envulopumo mudali chithunzi chofwifwa cha mnyamata wovala jekete atanyamula khanda, ndi kalata imodzi yopanda deti. Chichewa chake chidali chosakanizika ndi Chishona, ndipo ana ankabisala kuseri kwa nkhokwe namamuyeserera. Ine ndidaima chapatali mtima ukugunda, chifukwa munthu ameneyu ndidali nditakumana naye kale m'buku la Snorri.

Popeza ndine wa ku yunivesite, akulu adagula kope la masamba 80 nandipatsa kuti ndilembe mbiri ya banja, kuyambira amene adadula mtengo woyamba pamalopo, kuti ikawerengedwe pokaweruza. Ntchitoyi idaoneka yaulemu mpaka madzulo a tsiku loyamba. Bambo aang'ono adabwera ndi nkhuku, nakhala pambali panga. "Mwana wanga, lemba bwino. Uyambe ndi ng'ombe za malowolo a mai ako aakulu, zidali zisanu ndi ziwiri, ine ndidazikusa ndekha. Za uyu wa basiyu usaononge nazo inki." M'mawa mwake kudabwera msuweni wanga uja, mwana wa mlongo, naye ndi mbiri yake yoyambira pa agogo aakazi. Aliyense ankayang'ana cholembera changa monga momwe munthu amayang'anira mpeni uli m'manja mwa wogawa nyama.

Apa mpamene ndidakumbukira Sverre, wodzitcha wamkulu kuposa onse. Iyeyu adakulira kuzilumba za Faroe, akuphunzira za unsembe, akudziwa kuti bambo ake ndi mmisiri wosema zipeso. Atakula mai ake, Gunnhild, adamuuza kuti bambo ake enieni ndi mfumu Sigurd Munn, mwana wa Harald Gille. Adaoloka nyanja, ndipo mu 1177 adakhala mtsogoleri wa kagulu ka amphawi amene anthu ankawanyoza kuti Birkebeiner, kunena kuti a miyendo ya makungwa, chifukwa posowa nsapato ankakulunga makungwa kumapazi. Ndi anthu amenewa adapha Erling Skakke mu 1179, napha mfumu Magnus pankhondo ya panyanja ku Fimreite mu 1184, nalamulira mpaka imfa yake mu 1202, ngakhale mpingo udamtemberera. Akatswiri ambiri a mbiri lero amakayika ngati adalidi mwana wa mfumu. Koma Sverre adadziwa chinthu chimene Zwangendaba sadakhale nacho. Adaitana mkulu wa amonke wa ku Iceland, Karl Jónsson, kuti alembe mbiri yake, ndipo mawu oyamba a bukulo amanena poyera kuti gawo loyamba lidalembedwa mfumu ili pomwepo, ikunena zoti zilembedwe. Bambo aang'ono sadamvepo za Sverre, koma mpando adaukoka mofanana. Ndipo ife a m'bwalo la alembi tisaiwale za Snorri mwini wake: adakondera mbali imene idagonja, ndipo mu 1241 anthu otumidwa adampeza m'chipinda chapansi kwawo ku Reykholt namupha.

Mbali imene Snorri adakondera idali ya Skule, ndipo Skule ndiye amandivuta kumuweruza, mwina chifukwa nkhope yake ndikuidziwa. Mu 1217 Haakon, mwana wa pachipale uja, adalongedwa ufumu ali ndi zaka 13, ndipo jarl Skule, mbale wa mfumu imene idangomwalira, ndiye adagwira dziko. Adaligwira bwino ndithu. Adapatsidwa gawo limodzi mwa magawo atatu a dzikolo, mwana wake Margrete adakwatiwa ndi mfumuyo mu 1225, ndipo mu 1237 adamkweza kuposa jarl aliyense. Koma mwana amakula, ndipo womsungira mpando amaona mphamvu zikumchoka chaka ndi chaka ngati madzi a m'dambo mwezi wa Okutobala. Mu 1239 Skule adadzitcha mfumu ku Nidaros. Chaka chotsatira adathawira m'nyumba ya amonke ya Elgeseter, adani ake naiyatsa moto, ndipo potuluka adaphedwa pakhomo. Mpongozi wa mfumu, gogo wa ana a mfumu. Henrik Ibsen adalemba sewero la anthu awiriwa mu 1863. Kusungira mnzako mpando n'kovuta kuposa kuulanda, chifukwa wolanda amachimwa tsiku limodzi, pamene wosunga amayesedwa m'mawa uliwonse. Angoni a kumpoto amakumbukira Mtwalo, amene adali wamkulu kwa M'mbelwa koma adamsiyira mpando nakhala pansi pake. Anthu otere mbiri imawatchula mwachidule, poti sadaphetse munthu. Bambo aang'ono ndi munthu wabwino, amandilipirira ndalama za basi ndikamabwerera kuno ku Zomba. Koma ali ndi ana aamuna anayi, ndipo zaka zimene mnyamata uja akufunika kuti akule n'zokwanira kuti mudzi uzolowere kuona munthu wina pampando.

Kale mlandu wotere ukadathera pa nthungo, kapena wogonja akadasamuka ndi anthu ake kukadula mudzi kwina, monga adachitira ana a Zwangendaba. Njira zonse ziwirizi zidatsekedwa mu 1898. Mjeremani wina, Carl Wiese, adali atalandira chilolezo kwa Mpezeni, chimene chidadzagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland, yomwe inkakhulupirira kuti m'dzikomo muli golide. Nsingo, mwana wa nyumba yaikulu ya Mpezeni, adaona kumene zinthu zinkaloza ndipo adasonkhanitsa achinyamata. Mu Januwale 1898 asilikali adabwera kuchokera kuno ndi mfuti za Maxim, ena Amwenye, ambiri anthu akuda anzathu. Zishango sizidathandize. Nsingo adagwidwa naomberedwa kumayambiriro a Febuluwale, ng'ombe zikwizikwi zidalandidwa, ndipo Mpezeni, nkhalamba, adamtengera ku Fort Manning, kumene lero timati ku Mchinji. Adamwalira mu 1900, ndipo amene adalowa adali mdzukulu wake, mwana wa Nsingo, akali wamng'ono: mwana winanso pamapewa, koma tsopano womnyamula adali bwanamkubwa. Malire adadutsa pakati pa abale, Mlonyeni n'kutsala mbali ino. Kuyambira pamenepo mfumu ndi amene dzina lake lili m'buku la boma, ndipo lamulo la mafumu la 1967 lidangopitiriza zomwezo. Mwabvi udaletsedwa mu 1911. Ku Norway nako mwabvi wa chitsulo udathetsedwa mu 1247, pamene kadinala wochokera ku Roma adabwera kudzaveka Haakon chisoti. Moto ndi mwabvi zitachoka, chidatsala ndi pepala, ndiye kope la masamba 80 lija.

Koma asadauthetse, moto udagwira ntchito ina imene sindiiwala. Mu 1218 anthu a Skule ankanong'ona kuti Haakon si mwana wa bambo ake. Amene adayesedwa sadali mfumuyo, sadali Skule, sadali bishopu. Adali mai ake, Inga wa ku Varteig. Adasala kudya, nanyamula chitsulo chamoto ndi dzanja lake ku Bergen pamaso pa akuluakulu a dziko, ndipo pomasula nsalu akuti dzanjalo lidali losalala. Amuna ankakangana za magazi a amuna anzawo, koma dzanja lopsa lidali la mkazi. Harald Gille adabwera ndi mai ake. Sverre ufumu wake wonse udatsamira pa mawu amene mai ake adamnong'oneza. Mpezeni adapulumukira m'mimba mwa Soseya. Ngakhale Mngoni wonyada chotani, amene amati mwana ndi wa ng'ombe, akafunsidwa kuti ukudziwa bwanji, pomaliza amaloza kunyumba ya mkazi.

Motero tsiku lachitatu ndidatseka kope ndi kupita kwa azakhali aakulu, mlongo wamkulu wa malemu, amene maso adayamba kuchita khungu koma mutu uli gwa. Ndidawapeza akusenda mtedza pakhonde. Mng'ono wanga wina wa ku Lilongwe adali atafika kale ndi nzeru yake, yakuti masiku ano kuli kuyeza magazi, tisonkhe ndalama, mlendoyo akayezedwe pamodzi ndi bambo aang'ono, nkhani ithe. Adakumbutsanso za munthu uja adakulira ku Sweden, amene mu 2010 adatulukira nanena kuti ndi mwana wa Kamuzu, napempha kuyezedwa, mpaka kumwalira mu 2019 nkhani ili m'malere. Azakhali adamvetsera osaleka kusenda.

"Chabwino," adatero. "Kayezeni. Koma mukayeza mmodzi muyeze nonse. Muyambe ndi iwe, kenaka uyu wa kopeyu, kenaka kamnyamata kaja mukuti ka nyumba yaikulu, ndi ana onse a mng'ono wanga. Mubwere mudzandiwerengere pano ndili moyo."

Pakhondepo padagwa bata. Mng'ono wanga adayang'ana nsapato zake. Ine ndidafunsa mwaulemu kuti, "Nanga azakhali, za alendowa inu mukudziwapo chiyani?"

"Mlongo wanga adapita ku Salisbury ndi bulangete limodzi, adabwerako ndi sutikesi ndi chisoni. Ndalama ankatumiza kwina zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo amene ankapita nazo ku positi ndine. Ng'ombe sadapereke. Ukafuna kulemba kuti ndi mwana, lemba, sunama. Ukafuna kulemba kuti si wa nyumba, lemba, sunamanso. Koma uyang'ane makutu ake."

Makutuwo ndidali nditawaona kale tsiku limene adatsika basi. Ndi makutu a bambo aakulu, ndi anganso.

M'kopemo ndidalemba nyumba zonse zitatu, iliyonse patsamba pake, ndi zimene eni ake amanena, ndi dzina la amene adandiuza. Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zilimo, ufumu umene udayendapo kuchikazi ulimo, maulendo a azakhali a ku positi alimo. Bambo aang'ono ataliwerenga adati kopelo lilibe mutu, lili ngati ndiwo zopanda mchere, ndipo ulendo uno ndalama ya basi sadandipatse. Msuweni wanga adati ndagulidwa ndi Angoni. Mlendo uja sadapemphe kuliona. Mlandu akuti ukambidwa anthu akakolola. Pakadali pano azakhali adamloza munthu wa ku Harareyo kachigawo ka munda wawo kumunsi kwa dambo, ndipo pamene ndinkachoka ndidamuona akupanga mizere, kamnyamata ka zaka 11 kaja kali pambuyo pake ndi kambale ka mbewu, kakumphunzitsa kutchula bwino mawu akuti mtedza.